Filimu, CR kapena DR: Kusankha Zida za X-ray Zounikira Zojambula M'myuziyamu

M'chaka cha 2022, akatswiri a ku National Galleries of Scotland ku Edinburgh ataunika ndi X-ray chithunzi cha Van Gogh cha mutu wa mayi wakumudzi, anapeza chithunzi cha nkhope ya Van Gogh mwiniwakeyo chitabisika kuseri kwa chinsalu, pansi pa guluu ndi katoni. Zotere zimatheka chifukwa utoto wokhala ndi zitsulo zolemera monga mtovu umatchinga cheza, motero umaoneka woyera pachithunzi cha X-ray.

Pa njira zitatu zojambulira chithunzi cha X-ray, filimu ndiyo yakale, ndipo mpaka lero imaonetsa bwino timing'alu ta utoto, koma imafuna chipinda chamdima ndi mankhwala otsukira, ndipo mukalakwitsa muyeso wa cheza mumadziwa mochedwa.

Mpikisano weniweni uli pakati pa njira ziwiri za pakompyuta, CR (computed radiography) ndi DR (digital radiography). DR ndi bolodi lolimba lomwe limatumiza chithunzi pakompyuta m'masekondi ochepa, choncho ndi lothandiza pamalo pamene zinthu zounikidwa ndi zambiri. Vuto lake ndi mtengo, komanso silipindika, ndipo likangogwa pansi ndalama zonse zalowa m'madzi. CR imagwiritsa ntchito mbale yopyapyala ya phosphor (mankhwala osunga chithunzi cha cheza), kawirikawiri ya masentimita 35 ndi 43, imene imawerengedwa ndi makina a laser kenaka n'kufufutidwa kuti igwirenso ntchito. Imachedwerapo ndithu, ndipo imakandika ngati manja sasamala. Komabe mbale imeneyi mungathe kuilowetsa mwakachetechete pakati pa chinsalu ndi thabwa lake, kapena kuipinda m'kati mwa mphika wadothi, zinthu zimene DR singachite. Kwa myuziyamu yosunga zinthu zamitundumitundu, ine ndingasankhe CR mosakayika.

Chimene ambiri amaiwala, ndipo chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi chubu chotulutsa chezacho. Chithunzi cha pachinsalu chimafuna cheza chofewa, cha pakati pa 20 ndi 50 kV (muyeso wa mphamvu ya magetsi a chubu), chotuluka pa zenera la beryllium, chitsulo chopepuka chimene chimalola cheza chofewa kudutsa. Makina a kuchipatala ali ndi sefa ya aluminiyamu yochotsa cheza chofewacho pofuna kuteteza khungu la wodwala, n'chifukwa chake mukaunika nawo chinsalu, chithunzi cha X-ray chimatuluka chotuwa ngakhale bolodi litakhala lapamwamba chotani. Chiboliboli chamkuwa, kumbali yake, chimafuna 200 kV kapena kupitirira, pamodzi ndi chipinda chotchingidwa ndi mtovu kapena konkire yochindikala, ndipo mtengo wa chipindacho uyenera kulowa m'bajeti makina asanaitanitsidwe.