Senga Bay, Cape Maclear kapena Usisya: miyendo ya ndani ingathe njira iti?

Kuno ku Lilongwe tikamakonza ulendo wa kunyanja timayamba ndi kutumizirana zithunzi pa WhatsApp, ndipo malo a chithunzi chokongola ndiwo amasankhidwa. Za miyendo sitifunsana. Chonsecho pagulu pamakhala agogo a bondo lotupa, mwana wa zaka 5, mayi wodwala pakati, mwinanso m'bale woyendera njinga ya aulumali. Nyanja yathu ili m'chigwa chakuya, ndipo malo ambiri phiri limatsetserekera m'madzi momwe. Ndiye kuyenda m'mbali mwa nyanja kwina ndi kuponda mchenga, kwina ndi kukwawa pamiyala.

Senga Bay ndiye pakhomo pathu: makilomita pafupifupi 120 pamsewu wa M14 kudzera pa Salima. Mukalawirira pa minibasi mukhoza kupita ndi kubwera tsiku lomwelo. Gombe lake ndi lafulati. Mumayenda pang'onopang'ono pakati pa mabwato ndi mathandala oyanikapo usipa, chilumba cha Namalenje chikuoneka patsogolo, ndipo wotopa amangokhala pansi pamthunzi. Ofuna thukuta akhoza kukwera mapiri a Senga, koma atenge munthu wa komweko, poti pafupi pali malo a asilikali ndipo si njira iliyonse yololedwa. Chovuta n'chakuti mipanda ya malo ogona alendo imadula gombe, komanso madzi atakwera kwambiri mu 2024 mchenga wambiri udamira. Kuyenda kwake n'kosavuta, koma amene akufuna phiri ndi nyanja pamodzi sakhuta nako.

Ine mtima wanga uli ku Cape Maclear, kwa Chembe, chifukwa pamalo amodzi pali njira ya aliyense. Ulendo wake ndi wotalikirapo, wofunika kukagona. Ambiri amadzera ku Dedza n'kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Amene amachita chizungulire m'galimoto ndi bwino adzere ku Salima. Musanafike pa Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kudutsa pakati pa mapiri a m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Mukafika, gulu likhoza kugawikana popanda wodandaula. Agogo ndi ana ayende m'mudzi mpaka kumapeto kwake, kumene kuli chipata cha nkhalango ndi manda a amishoni a Livingstonia omwe adafika pamalopo mu 1875. Mpaka apo palibe chikweza choopsa. Pachipata pamalipiridwa, ndipo Amalawi salipira mofanana ndi alendo akunja, choncho chiphaso chaunzika chisatsale. Kupitirira kulowera ku Otter Point njira imasintha: miyala ikuluikulu, mizu, malo ena ofunika kugwira ndi manja. Si patali, koma bondo lodwala silingakondwe napo. Mukakhala pathanthwe paja n'kuyang'ana pansi, tinsomba ta mbuna tobiriwira ndi tachikasu timaoneka bwinobwino tikudya ndere pamiyala. Chikwama cha zakudya musachiike pansi, anyani a kumeneko sachita manyazi. Achinyamata amphamvu akwere phiri la kumbuyo kwa mudzi ndi wowalondolera, anyamuke kusanatenthe, madzi akumwa ali m'manja. Osambira adziwe kuti likodzo liliko, akabwerako akaonane ndi achipatala.

Njira ya kumpoto, yochokera ku Usisya kupita ku Ruarwe, ndi nkhani ina. Kukongola kwake sindikutsutsa: mapiri amaima chilili pamwamba pa madzi, timitsinje tikugwera m'nyanja, ndipo njirayo si ya alendo ayi, ndi imene anthu a m'midzimo amayendamo tsiku ndi tsiku atasenza katundu. Koma kungofika poyambira ndi ntchito kale. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350, kenako mutsike msewu wotsetsereka kwambiri wopita ku Usisya, kapena mupite ku Nkhata Bay mukadikire sitima ya Ilala, imene imadutsa kamodzi pasabata kulowera kumpoto. Pa Usisya ndi pa Ruarwe sitimayo sifika pagombe. Mumatsikira m'boti laling'ono, kenako n'kuyenda m'madzi mpaka kumtunda. Njira yeniyeniyo ndi ya tsiku lathunthu, kukwera ndi kutsika, malo ena yopapatiza m'mphepete mwa phompho. Wina akabinya phazi, galimoto palibe, mudalira bwato, ndipo mwera ukamaomba m'miyezi yozizira ngakhale bwatolo limadikira. Iyi ndi ya anthu ozolowera mapiri. Kutengerako agogo chifukwa cha chithunzi ndi kuwalakwira.

Ena amatchulanso msewu wa Gorodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, wa makilomita 15 ndi makona 20. Umenewo ndi wokwera phiri, nyanja mumaionera pamwamba, choncho sindikuuika pamzere umodzi ndi inzakeyi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa malo atatuwa palibe njira imene idakonzedwa moganizira woyendera njinga ya aulumali. Mateyala amatitimira mumchenga, ndipo malo ambiri ogona ali ndi masitepe kuyambira poimika galimoto mpaka kuchimbudzi. Musanalipire, imbani foni mufunse mwachindunji: masitepe ndi angati, chitseko cha bafa n'chotakata bwanji, galimoto imafika pafupi bwanji ndi madzi. Akangoti "palibe vuto", apempheni atumize chithunzi.

Pagulu lotere ndingasankhe Cape Maclear, chifukwa zimene miyendo yalephera boti limakwanitsa. Anthu awiri amphamvu akamuthandiza m'baleyo kukwera, eni maboti amamufikitsa ku Otter Point ndi kuchilumba cha Thumbi, komwe amaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kudzaitola pafupi ndi boti. Mukambirane mtengo musanakwere, muonetsetse kuti majekete opulumutsira moyo alimo okwanira aliyense, ndipo mupite m'mawa nyanja isanayambe mafunde.