Oyeza dothi adandithandiza pa poloti ya ku Mponela

Pa poloti yomwe ndidagula kufupi ndi dambo ku Mponela kale padali galaja. Titakumba maziko, dothi lidatuluka lakuda bii, lonunkha dizilo, muli timiyala toyera tonyezimira. Ndidaitana kampani ina yoyeza dothi ya ku Lilongwe.

Anyamata awo adakumba maenje atatu n'kutenga dothi m'matumba. Mayi injiniya adandifotokozera mosathamanga: timiyalato ndi jipisamu, amasungunuka madzi akamadutsa, nthaka n'kutitimira. Oyilo naye amakuta mchenga n'kumaterera, moti ngakhale mutsindire bwanji, dothilo siligwirana bwino. Adati tichotse lonse lodetsedwalo, tithire gelevulo, ndipo madzi a padenga tiwapititse kutali ndi khoma.

Chidandiwawa n'chakuti lipoti lidachedwa masabata 3, amisiri atangokhala pamthunzi. Komabe ndikamanganso, ndidzawaitana omwewo.