Gold Reef City kapena Sun City: mukapita ndi ana ku Joni, ndalama zanu zikathere kuti?

Makolo a ku Lilongwe amene akufuna kukasangalatsa ana ku South Africa amatchula malo awiri omwewa, ndipo ambiri amangoti ndi zimodzimodzi. Ayi ndithu. Gold Reef City ndi ulendo wa tsiku limodzi mumzinda wa Johannesburg momwemo. Sun City ili kutali, kuchigawo cha North West cha ku Rustenburg, maola oposa awiri pagalimoto, ndipo anaimanga kuti munthu agone konko, adye konko, ndalama azisiye konko.

Tiyambe ndi Gold Reef City, chifukwa ife Amalawi tili ndi mbiri yathu kumeneko. Malowa anawamanga pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa chitsime chotchedwa Shaft 14. Mgodiwu unatsekedwa mu 1971. Nyumba, misewu ndi zovala za ogwira ntchito amazikonza kuti zifanane ndi Johannesburg wa m'ma 1886, pamene golide anapezeka ku Witwatersrand. Amakuvekani chipewa cholimba, mulowe m'chikepe, mutsikire pansi pa nthaka. Mukatuluka mumakaona akusungunula golide n'kumuthira m'chikombole, ali psuu ngati moto. Mwana amene anangomva kuti agogo ake anapita ku Wenela amaona yekha mdima ndi kupanikiza kwa njira zimene anthu ankakwawamo. Paja amuna ambirimbiri a kuno ankalembedwa ntchito za m'migodi ya kumeneko mpaka 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulembako. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Imeneyi ndi ya ana osinkhukirapo. A zaka zisanu angolira ndi kutopa.

Koma ana sadzera mbiri, amadzera zokwera. Anaconda ndi sitima imene mipando yake imalendewera kunsi kwa njanji, miyendo ili lende, n'kumakuzunguzani chadodolido. Tower of Terror imakukwezani pamwamba pa nsanja kenako n'kukuponyani tsonga pafupifupi mamita 50, mpaka kulowa m'dzenje la mgodi. Amene mumadwala BP, gwirani zikwama za anzanu muzionerera. Chenjezo kwa makolo: pa zokwera zikuluzikulu amayeza msinkhu, osati zaka. Mwana wamfupi amabwezedwa ngakhale alire chotani, ndiye muuzeni muli kunyumba. Komanso kunja kwa nthawi ya holide satsegula masiku onse a sabata, fufuzani musanayitane takisi.

Sun City ndi nkhani ina. Anaitsegula Sol Kerzner mu Disembala 1979, m'dera la Bophuthatswana, limene boma la tsankho linkati ndi dziko palokha. Ku South Africa njuga inali yoletsedwa, koma kumeneko inkaloledwa, choncho azungu a ku Johannesburg ankathamangirako kumapeto kwa sabata. Chifukwa cha tsankholo, m'ma 1980 oimba ambiri otchuka anakana kukaimbako. Mu 1992 anawonjezera hotela ya The Palace of the Lost City, pamodzi ndi Valley of Waves, dziwe lalikulu la mchenga wochita kuthira ndi mafunde opangidwa ndi makina. Pali zotsetsereka za m'madzi, pali mlatho umene umagwedezeka ngati kwachita chivomerezi, pali bwalo la gofu la Gary Player komwe kumachitikira Nedbank Golf Challenge.

Kukongola n'kokongola, sindikana. Funso langa ndi ili: munthu wa ku Area 25 amene akhoza kudzuka m'mawa, kudutsa Salima, n'kukasambira pa Senga Bay dzuwa lisanafike paliwombo, alipirirenji marandi kuti akaone gombe lochita kupanga? Anthu a ku Johannesburg alibe nyanja, m'pake kuti amachita nalo chidwi. Ife tili nayo yeniyeni. Chimene kwathu kuno kulibe ndi sitima zozunguza mutu zija.

Nyengo nayo imatilaka. Holide yathu yaitali imagwa cha mu Ogasiti, pamene kumeneko kudakali chisanu, ndipo m'miyezi yozizira Valley of Waves amatha kuitseka kwa masabata angapo kuti akonze. Mukasankha Disembala, mukakumana ndi ana onse a sukulu a ku South Africa ali patchuthi, mizere yaitali malo onse awiri, ndi mvula yamabingu ya masana imene imaimitsa zokwera.

Pamene Sun City imapambana popanda mtsutso ndi Pilanesberg, nkhalango ya nyama imene yagundizana nayo. Njovu, zipembere, mikango, njati ndi akambuku zilimo, ndipo kuderali kulibe malungo. Banja limene lili ndi galimoto yabwereka ndi masiku atatu, lingasambire lero, mawa m'bandakucha n'kukaona nyama. Ngati thumba likulola, mtengo wotsikirapo uli ku hotela ya Cabanas, osati ku Palace.

Koma ambirife timakwera basi yodzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station miyendo itatupa, tikukafikira kwa achibale. Ndalama zakunja nazo tikudziwa mmene zikuvutira, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa banja lotere Gold Reef City ndi yotheka: kuchokera pakati pa tauni ndi mphindi zochepa, mumalipira pakhomo kamodzi, madzulo mwabwerera kukadya nsima kwa achimwene. Ingosamalani kuti kasino ali pafupi pomwepo, bambo asazembere kumeneko ndi ndalama ya basi yobwerera.