Wotiikira ACL ku Luwinga: ntchito amaidziwa, koma anaiwala kusunga

Ku ofesi kwathu ku Luwinga, mumzinda wa Mzuzu, mlendo akalumikiza laputopu ankafika mpaka pa seva ya akaunti. Tinaitana mnyamata wina wa ku Katoto kuti atiikire ACL, mndandanda wa malamulo olola kapena kukana mauthenga, pa switch yathu ya Cisco, chipangizo cholumikiza makompyuta athu.

Mutu wake umagwira. Anasankha ACL ya mtundu wa extended, ya manambala 100 mpaka 199, yomwe imaonanso kumene uthenga ukupita, poti ya mtundu wa standard imangoona kumene uthenga ukuchokera. Anandionetsa kuti switch imawerenga malamulo kuyambira pamwamba, ikapeza logwirizana imaima pomwepo, ndipo chosatchulidwa chimakanidwa. N'chifukwa chake printa inayamba yakana, mpaka anaiwonjezera mzere wake.

Chondikwiyitsa n'chakuti sanasunge. Magetsi atathima Lachitatu, zonse zinafufutika. "Pepani bambo, ndinaiwala lamulo losungira lija la write memory." Anabwera pa kabaza mvula ikuwaza, osalipiritsanso. Ndidzamuitananso, koma posunga ndidzakhala ndili pambali pake.