Ekiselo ndi yabwino, koma masipuling'i ake asiyeni m'katoni

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5, ndipo ndalemba izi nditayenda ndi ngolo yanga miyezi 8, m'misewu ya tala, ya fumbi, ya miyala ndi ya matope. Chomwe ndinagula ndi seti yopangira ngolo yokokedwa ndi galimoto: ekiselo yonyamula mapaundi 3,500 (amenewa ndi makilogalamu pafupifupi 1,590), mahabu awiri (zitsulo zozungulira zomwe matayala amamangidwapo) a mabawuti 6, masipuling'i awiri, ma U-bolt anayi (mabawuti opindika ngati U omangira masipuling'i ku ekiselo), zitsulo zopachikira masipuling'i, ndi cholumikizira chomwe chimatembenukira mbali zonse.

Ndinali ndi Toyota Hilux yakale yomwe injini yake inafa ndipo kutsogolo kwake kunali kutatheratu ndi dzimbiri. Bokosi la kumbuyo lokha ndi chasisi cha pansi pake ndi zomwe zinali zidakali zamoyo. Tinachotsa thanki ya mafuta kaye (musayerekeze kuyatsa girayinda thanki ili pomwepo, ngakhale ioneke youma, chifukwa chomwe chimaphulika ndi mpweya wotsalira m'katimo), kenako tinadula chasisi kumbuyo kwa kabini ndi kuwotcherera khosi lokokera. Alamu anga ankalimbikira kuti ekiselo ya pikapuyo ikhale momwemo, poti inali yaulere. Sankanama, anthu ambiri amatero ndipo ngolo zawo zimayenda. Koma ine chimimba cha difu, chija chosunga magiya pakati pa ekiselo ya pikapu, chinkandidetsa nkhawa. Ndi chimene chimakhala pansi kwambiri, ndi chimene chimayamba kugunda mwala, ndipo umangokoka magiya olemera omwe akuzungulira popanda ntchito, n'kumawathiranso mafuta. Ekiselo ya ngolo ndi paipi chabe, pakati palibe cholendewera.

Seti imeneyi ndinaisankha chifukwa cha mahabu. Mabowo ake 6 ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 139.7, chimodzimodzi ndi malimu a Hilux, choncho tayala limodzi la sipeya limakwana pa galimoto yokoka ndi pa ngolo pomwe. Ogulitsawo anandifunsa utali womwe ndikufuna kuchokera pa nkhope ya habu imodzi kufika pa inayo, ndipo anadula ndendende monga ndinawauzira. Zimenezi n'zofunika kuposa momwe zimamvekera. Mu mchenga kapena m'matope, matayala a ngolo akamaponda momwe aponda kale a galimoto, kukoka kumapepuka. Akamadzitsegulira njira yawoyawo, injini imalira ngati ukukoka chitsa.

Vuto loyamba linali laling'ono koma lokwiyitsa. Mabawuti a pa mahabu ndi a muyeso wa mainchi, theka la inchi, pomwe a Toyota ndi a muyeso wa mamilimita, M12 x 1.5. Limu imalowa bwinobwino, koma manati a galimoto sangalowe pa bawuti ya ngolo: amagwira pang'ono poyamba kenako n'kuuma, ndipo wokakamira ndi sipanala amaononga mazinga a bawutiyo. Pa tsamba la malonda izi sanazilembe paliponse. Manati oyenera analimo m'katoni, koma ine ndinali nditaononga kale bawuti imodzi ndisanazindikire. Pano manati a ngolo ndinawapaka utoto wofiira kuti asasokonezeke ndi a galimoto tikamasintha tayala mumdima.

Nditaigoneka ekiselo pansi ndinaona kuti ndi yopindika pang'ono pakati, ndipo mtima unandiwawa poganiza kuti aipinda potumiza. Ndinawalembera ogulitsa ndili wokwiya. Anandiyankha mawa lake mwaulemu, kuti kupindikako n'kwadala: msana wake uyenera kuyang'ana kumwamba, kuti katundu akalemera ekiselo iwongoke ndipo matayala aponde pansi mofanana. Ndinachita manyazi, komabe chiganizo chimodzi pa kapepala ka malangizo chikanandipulumutsa. Kapepalako ndi tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi chosaoneka bwino, basi.

Nkhani ya kupindikayi inabweranso pamene ndinafuna kukweza ngolo. Mipando ya masipuling'i (tizitsulo ta pa ekiselo tomwe masipuling'i amakhalapo) inabwera itawotchereredwa kunsi kwa ekiselo, pomwe ine ndinkafuna masipuling'i akhale pamwamba kuti bokosi litalikire pansi. Ndinati tingoitembenuza. Bambo amene amandiwotcherera zitsulo anapukusa mutu. "Mukaitembenuza, bwana, msana uja uyang'ana pansi, matayala adzadyeka m'kati mwezi usanathe," anatero. Anawotcherera mipando ina pamwamba, ndipo asanayatse makina anachotsa mahabu onse awiri, ati magetsi owotcherera akadutsa m'mabering'i amasiya timabala tomwe timadzayamba kulira patsogolo. Anayamikira chitsulo cha ekiseloyo kuti n'chochindikala bwino ndipo chikugwira moto mosavuta, ndipo bambo amenewa sayamikira zinthu wamba.

Mabering'i ndi a nambala zodziwika, L68149 m'kati ndi L44649 kunja, oti sungavutike kuwapeza akatha. Girisi anangopakamo pang'ono ngati wobwereka, choncho ndinawatsuka ndi kuwadzaza ndekha. Nati yaikulu ya pa habu ndinaimanga mpaka tayala litayamba kuuma pozungulira, ndi kuibweza pang'ono, kenako n'kulowetsa pini yake. Pa ulendo woyamba ndinkaima pafupipafupi n'kumagwira mahabu ndi dzanja. Ankangofunda, osatentha, ndipo mpaka lero ali choncho.

Tsopano masipuling'i, omwe alanda nyenyezi yachisanu. Ndi aafupi, masentimita pafupifupi 64, ndipo lililonse analipangira kunyamula mapaundi 1,750. Pa tala zinali bwino ndithu, ndinafika podzitama. Tsiku lomwe tinalowa mu msewu wa fumbi wokhala ndi timizere ngati malata, ndinayang'ana pa galasi ndi kuona ngolo ikudumpha ngati mbuzi yomangidwa chingwe koyamba. Nthawi zina matayala onse awiri ankachoka pansi. Titaima, chigubu cha madzi chinali chitang'ambika pansi, matenti ndi zofunda zili chonyowa, nyale imodzi ya kumbuyo itathothoka n'kumalendewera pa waya, ndipo mahinjesi a chitseko cha bokosi atayamba kugwedera. Akazi anga anangoti, "Ndiye ngolo ya kutchire ija ndi imeneyi?" Ndinalibe choyankha.

Chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Ngolo yanga ikadzaza imalemera makilogalamu pafupifupi 700, kutanthauza kuti masipuling'iwo sankanyamula ngakhale theka la katundu yemwe anawapangira. Sipuling'i lalifupi ndi louma chotero likapanda kulemedwa silipinda n'komwe, ndiye bampu iliyonse imapita yonse m'bokosi ngati ekiselo yangomangidwa ku chasisi. Komanso setiyi ilibe mashoko, ndipo ilibe pomwe ungawamangirire. Kuchepetsa mpweya m'matayala kunathandizako pang'ono, koma sikunathetse vuto. Masipuling'i amenewa ndi a ngolo yonyamula njerwa kapena simenti pa msewu wosalala. Kuwagulitsa m'seti yolembedwa kuti ndi ya misewu yoipa ndi kumene sindikugwirizana nako.

Mankhwala ake anali pakona pa bwalo langa, pomwe ndinataya masipuling'i a Hilux aja. Amenewa ndi aatali kupitirira mita, ndipo utaliwo ndi umene umawafewetsa. Mwayi wake zitsulo zawo zopachikira tinali tisanazidule pa chasisi, osati mwanzeru koma chifukwa cha ulesi. Tinachotsa chitsulo chochindikala cha pansi penipeni, chomwe chimagwira ntchito pikapu ikalemedwa kwambiri, ndi kuwabwezera m'malo mwawo pamodzi ndi mashoko atsopano awiri. Ntchitoyi inatanthauza kudula mipando ija ndi kuwotcherera ina kachiwiri, komanso kugula ma U-bolt ndi mbale zake zina, chifukwa masipuling'i a pikapu ndi otambalala kuposa a m'seti. Ndalama zinapita kawiri pa chinthu chimodzi. Koma titabwerera mu msewu womwe uja, ngolo inkangotsatira mwakachetechete, moti ndinkaiwala kuti ndikukoka kanthu. Mukamanga ma U-bolt atsopano, muwamangenso mukayenda makilomita oyambirira, amamasuka masipuling'i akakhazikika. Anga ndinawapeza atamasuka ndithu.

Cholumikizira chija ndilibe nacho dandaulo lalikulu. Tow ball wamba (kampira kachitsulo kokokera ngolo) ya mamilimita 50 imalola ngolo kupendekeka pang'ono chabe, ndipo galimoto ikamatuluka m'chigwembe ngolo ikadali kutsikiramo, imafika pothera n'kuyamba kukanikizana. Cholumikizira cha m'setichi chimatembenukira m'mwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere, komanso kupotoloka, choncho galimoto imatha kupendekera uku ngolo ikupendekera uko popanda kukokana. Sichigogodanso ngati mbedza ndi mphete zija za magalimoto akuluakulu. Kuvuta kwake n'kolumikiza: mabowo ayenera kuyang'anizana ndendende kuti pini ilowe, ndipo pamalo osalingana, uli wekha, ukhoza kutsika ndi kukwera m'galimoto kasanu. Chimafunanso girisi pafupipafupi, apo ayi fumbi likalowa chimayamba kulira. Matcheni otetezera mulibe m'setimu. Ndinagula padera ndipo ndimawapingasa pansi pa khosi, kuti cholumikizira chitati chamasuka khosilo ligwere pa matcheni, lisalase pansi.

Pali china chomwe si mlandu wa setiyi koma chingakuchititseni kuida pachabe. Pa pikapu ekiselo imakhala chapakati pa bokosi, choncho ukalongeza zolemera kumbuyo khosi limapepuka ndipo ngolo imayamba kugwedeza mchira ukathamanga. Zinandichitikira kamodzi pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ndipo sindikufunanso. Khosi liyenera kunyamula pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera konse kwa ngolo. Ndinayeza ndi sikelo ya m'bafa, nditaika thabwa pansi pa jeke ya khosi, ndi kusunthira madzi ndi batire m'bokosi lomwe ndinamanga kutsogolo mpaka sikelo inaonetsa makilogalamu 85. Kugwedeza kunatheratu.

Utoto wa pa ekiselo ndi wopyapyala, miyala yothamanga inausupula msanga ndipo dzimbiri linayamba kuoneka mvula itangogwa kangapo. Ndinapala ndi kupaka wina.

Mahabu omwe ndinatenga ndi opanda mabuleki, koma ekiselo ili ndi mbale zomangirapo mabuleki kumapeto onse awiri, zomwe poyamba sindinazilabadire. M'maiko ambiri ngolo yopitirira makilogalamu 750 imayenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo ine ndikufuna kuwonjezera tenti ya pamwamba, yomwe indidutsitsa malire amenewo. Ndawalembera ogulitsa omwewa za mabuleki a magetsi a mainchi 10, ndipo ndawapempha kuti ulendo uno andiuziretu muyeso wa bawuti iliyonse. Masipuling'i a m'seti aja ndinawabwezera m'katoni yawo. Mnansi wanga akuwafuna, akuti akupanga ngolo yotutira mchenga.