Wankhondo kapena wamatsenga?

Anyamata ena kuno ku Kasungu ayamba kusewera Dungeons & Dragons, masewera a madayisi omwe aliyense amayerekeza kukhala munthu wa m'nthano, ndipo mkangano wawo sutha: asankhe wankhondo kapena wamatsenga? M'malamulo a masewerawa a 2014, wankhondo amayamba ali wolimba. Moyo wake amauwerengera ndi dayisi ya mbali 10, pomwe wamatsenga amapatsidwa ya mbali 6 basi, moti mivi iwiri ingamugwetse. Koma dikirani afike pa levulo 5, gawo lachisanu la kukula kwa mphamvu zawo. Wankhondo amangoyamba kumenya kawiri nthawi yake yosewera ikafika, pamene mnzakeyo amatha kuphunzira Fireball, moto womwe mphamvu yake amaiwerengera ndi madayisi 8, wopsereza onse ali pafupi, ngakhale anzake omwe! Chovuta chake, matsengawo akatha amadikira kugona kuti abwerere. Wongoyamba kumene ndimamulangiza atenge wankhondo, malamulo ake ngochepa.