Maloya aulere pa mlandu wa chamba ku Harare: amathandiza mukafika msanga

Mnyamata wa ku Mbare kapena Mufakose akagwidwa ndi kachamba kochepa, makolo amathamangira kugulitsa katundu kuti apeze loya. Yambani mwafika ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa. Amafufuza kaye kapezedwe kanu, choncho tengani chitupa, umboni wa malipiro ngati muli pantchito, ndi mapepala a mlanduwo.

Phindu lenileni la maloyawa lili pa gawo la lamulo limene mwana akuimbidwa nalo mlandu. Mu Criminal Law Code, lamulo la milandu la ku Zimbabwe, gawo 157 ndi la kupezeka ndi mankhwala ozunguza bongo monga chamba, ndipo ndende yake siyipitirira zaka 5. Gawo 156 ndi la kugulitsa, lolemera kwambiri. Chamba chokulungidwa m'timapepala tambirimbiri chingakankhire mlandu ku 156 ngakhale chili chochepa, ndipo loya wodziwa ntchito amalimbana pomwepo. Kenako amadandaulira majisitireti: msinkhu wa mwana, kalata ya kusukulu kapena ya abwana, ndi zoti aka n'koyamba. Kawirikawiri zimathera pa faindi, chilango choimikidwa, kapena ntchito yaulele pachipatala kapena pasukulu. Ngati mwana sanakwane zaka 18, loya angapemphe kuti nkhani ithe osazengedwa, kudzera mu pre-trial diversion.

Pamene pamavuta ndi nthawi. Apolisi ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48, pomwe maloya aulere ndi ochepa. Mwana wamantha angavomere mlandu ku khoti la majisitireti la Rotten Row asanaonane ndi loya. Faindi imaoneka yopepuka, komatu mbiri ya mlanduwo imatsala, n'kudzatulukira pomwe akufuna police clearance (kalata ya apolisi yosonyeza ngati munthu anapalamulapo mlandu) ya ntchito kapena viza.